Anna Leonowens, Mphunzitsi Amene Anabisa Kwawo

M'mwezi wa Malichi chaka cha 1862, sitima yapamadzi yochokera ku Singapore inakocheza pa mtsinje wa Chao Phraya, mumzinda wa Bangkok. Mwa anthu amene anatsika munali mayi wamasiye wa zaka 30 ndi mwana wake wamwamuna wa zaka zisanu. Mayiyu anabwera kudzaphunzitsa Chingerezi ana ndi akazi a mfumu ya dziko la Siam, lomwe lero timalitcha Thailand. Dzina lake linali Anna Leonowens. Akafunsidwa za kwawo ankayankha kuti anabadwira ku Wales, kuti bambo ake anali kaputeni wa asilikali, ndiponso kuti malemu mwamuna wake anali meja. Pa zitatuzi panalibe choona ngakhale chimodzi.

Tasankha kulemba mbiri ya mayiyu chifukwa ambiri a ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timalakalaka kukagwira ntchito kunja, m'masukulu aja a ana ochokera m'mayiko osiyanasiyana, amene timangowatchula kuti a international. M'masiku a Anna masukulu oterewa monga tikuwadziwira lero kunalibe. Yotchuka ya ku Geneva inatsegulidwa mu 1924, patatha zaka 9 iye atamwalira. Komabe zimene anakumana nazo ndi zomwezo zimene zikudikira aliyense wa ife amene adzanyamule chikwama kupita kwa eni: amene angakuikire umboni kuti umatha ntchito, kumene udzagone, kumene ana ako adzaphunzire, zimene wokulemba ntchito adzakuletse kunena m'kalasi, ndi zimene udzanene za anthu amenewo ukadzachokako.

Anna anabadwira ku Ahmednagar, m'dziko la India, mu Novembala 1831. Bambo ake, Thomas Edwards, anali sajeni m'gulu la asilikali a kampani ya East India, ndipo anamwalira miyezi itatu mwanayo asanabadwe. Mayi ake, Mary Ann Glascott, nawonso anabadwira ku India komweko, ndipo akatswiri a mbiri amene anafufuza banjali amagwirizana kuti ku chikazi kwawo kunali magazi achimwenye. Mayiwo anakwatiwanso ndi msilikali wina wa ku Ireland, Patrick Donohoe. Choncho Anna anakulira m'malaini a asilikali wamba, akumva zilankhulo za ku India tsiku ndi tsiku, ndipo anaphunzira pa sukulu ya atsikana ya ku Byculla, ku Bombay, yomwe inkalandira ana a asilikali osauka. Ku Wales anali asanapondeko phazi.

Pa tsiku la Khirisimasi mu 1849 anakwatiwa ndi Thomas Leon Owens, kalaliki wa ku ofesi yolipira asilikali. Mwamunayu ndiye anadzaphatikiza mayina ake awiri n'kupanga dzina loti Leonowens. Banjali linasamukira ku Australia kukasaka moyo, ndipo ku Perth Anna anayesa kutsegula kasukulu ka atsikana koma sikanapite patali. Ana awo awiri oyamba anamwalira ali aang'ono. Anatsala ndi Avis, wobadwa mu 1854, ndi Louis, wobadwa mu 1856 pa malo ena akutali osungirako akaidi otchedwa Lynton, kumene bambo ake ankagwira ntchito. Mu 1857 anachoka ku Australia, ndipo Thomas anapeza ntchito yoyang'anira hotela pa chilumba cha Penang. Kumeneko anamwalira mwadzidzidzi mu Meyi 1859, n'kusiya mkazi wa zaka 27 ali manja lende, ndi ana awiri, kudziko kopanda mbale.

Apa m'pamene Anna anasankha zinthu ziwiri, ndipo zonse ziwiri zinamutsata mpaka kumanda. Choyamba, anapita ku Singapore n'kutsegula sukulu ya ana a akuluakulu a asilikali a Britain. Chachiwiri, anafika kumeneko ndi mbiri yatsopano. Anachotsa zaka zitatu pa zaka zake n'kumati anabadwa mu 1834 ku Caernarfon, m'banja la a Crawford. Sajeni uja anasanduka kaputeni, kalaliki uja anasanduka meja, ndipo khungu lake loderako ankati n'la anthu a ku Wales. Kuti bodzali likhale, anayenera kudula ubale ndi abale ake a ku India, ndipo anaduladi.

Sitivutika kumvetsa chimene chinamuchititsa. M'matauni a atsamunda a nthawi imeneyo, mkazi wa meja sakanapereka ana ake m'manja mwa mwana wa sajeni, makamaka wa magazi osakanizika, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Tsankho limenelo silinatheretu. Anzathu amene amafufuza ntchito pa intaneti amaona malonda ofuna mphunzitsi amene Chingerezi ndi chilankhulo chobadwa nacho, kapena wokhala ndi pasipoti ya mayiko ochepa otchulidwa mayina, ndipo Mmalawi amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale mpaka ku koleji amaikidwa pambali kalata yake isanawerengedwe. Zimapweteka, ndipo mayesero amabwera owonjezera zaka za ntchito pa CV kapena kutchula digiri imene sunamalize. Koma kumvetsa sikuvomereza. Ndiponso masiku ano bodza lotere silikhalitsa, chifukwa masukulu odalirika amafuna kalata ya kupolisi, amaimbira foni ahedi a kumene unkagwira, ndipo mayiko ambiri sapereka chilolezo chogwirira ntchito masatifiketi asanatsimikizidwe ndi boma.

Chimene chimatigwira mtima m'nkhaniyi n'chakuti sukulu ya ku Singapore ija, ngakhale sinamupatse ndalama zokwanira, inamupatsa chinthu chenicheni chimene bodza silikanamupatsa: anthu amene anamuona akuphunzitsa. Kwa zaka pafupifupi zitatu anaima pamaso pa ana m'dziko lachilendo, makolo akuona zotsatira zake. Mfumu ya Siam itafuna mphunzitsi, uthenga unadzera mwa Tan Kim Ching, mkulu wa zamalonda wa ku Singapore amene ankaimira dziko la Siam mumzindawo, ndipo dzina limene linamveka linali la mayi wa sukulu uja. Ntchito yaing'ono ya malipiro ochepa ndiyo inatsegula chitseko cha nyumba yachifumu. Ena a ife timanyoza zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba pa sekondale ya kumudzi ngati nthawi yotayika, pomwe masukulu ambiri akunja salemba munthu wongochoka kumene ku koleji.

Mfumu Mongkut, yomwe imatchedwanso Rama IV, sinali munthu wamba pa nzeru. Isanalowe ufumu mu 1851 inakhala zaka 27 ili mmonke wa chipembedzo cha Chibuda, ndipo m'zaka zimenezo inaphunzira Chingerezi kwa mmishonale wa ku America, Jesse Caswell, ndi Chilatini kwa bishopu wa Katolika, Pallegoix. Inkakonda masamu ndi kuwerengera mayendedwe a dzuwa ndi nyenyezi. Inkaonanso zimene zinkachitikira mayiko oyandikana nawo: a Britain anali kulanda Burma kumadzulo, a France anali kulowa Vietnam kum'mawa. Mu 1855 inasaina pangano la zamalonda ndi Britain, ndipo inkadziwa kuti ana ake akadzalephera kuwerenga okha mapepala a azungu, ufumu udzapita m'manja mwa otanthauzira. Kwa mfumuyi, kalasi ya Chingerezi inali mbali ya chitetezo cha dziko. Siam ndi dziko lokhalo m'chigawo chimenecho limene silinalamulidwepo ndi atsamunda.

M'kalata yomuitana, mfumu inafotokoza momveka bwino kuti ikufuna mphunzitsi wa Chingerezi, sayansi ndi mabuku, osati wotembenuza ana ake kukhala Akhristu. Inali ndi chifukwa. Itangolowa ufumu inaitana akazi a amishonale a ku America kuti aziphunzitsa amayi a m'nyumba yachifumu, koma maphunzirowo anapendekera ku ulaliki, ndipo patatha zaka pafupifupi zitatu mfumu inawatsekera chipata. Anna anavomera lamuloli ndipo, monga mmene mbiri ikuonetsera, analisunga.

Mfundo imeneyi ikutikhudza ife a pa koleji ino kuposa owerenga ena. Zoona, mpingo wathu uli ndi masukulu ake kunja, monga Ekamai International School mu Bangkok momwemo, ndipo kumeneko mphunzitsi amatsegula kalasi ndi pemphero popanda womufunsa. Koma masukulu ambiri a international si a mpingo, ndipo ena ali m'mayiko amene malamulo ake amaletsa kukopa munthu kuti asinthe chipembedzo. Amene wasaina kontirakiti yoti adzaphunzitsa masamu, kenako n'kumalowetsa timabuku m'zikwama za ana mobisa, wanyenga makolo amene anamukhulupirira. Ngati chikumbumtima sichikulola kukhala pansi pa lamulo lotero, malo onenera ndi pa intavyu, ntchito usanaiyambe. N'chimodzimodzinso ndi Sabata. Masukulu ogonera konko amagawa ntchito zoyang'anira ana kumapeto kwa sabata, masewera ambiri amachitika Loweruka, ndipo m'nyengo yozizira kumayiko akumpoto dzuwa la Lachisanu limalowa ana asanaweruke n'komwe. Izi n'zofunika kuzifunsa poyamba ndi kuona kuti zalembedwa. Danieli anapempha za chakudya chake masiku oyambirira ku Babulo, sanadikire kuti mbale ifike patebulo.

Komabe kusalalikira sikunam'tseke pakamwa Anna pa zonse. Ukapolo unalipo ku Siam, ndipo iye ankadana nawo. Ankawerenga ndi ophunzira ake buku la Harriet Beecher Stowe lotchedwa Uncle Tom's Cabin, ndipo analemba kuti mmodzi mwa akazi a mfumu, Son Klin, analikonda kwambiri bukuli mpaka anamasula akapolo ake.

Mtengo woyamba wa ntchitoyi anaulipira mwana. Asananyamuke ku Singapore, Anna anakweza Avis, wa zaka 7, sitima yopita ku England kuti akaphunzire sukulu yogonera konko. Mayi ndi mwana anakhala zaka zisanu osaonana, akungolemberana makalata amene ankatenga milungu yambiri panjira. Louis anapita naye ku Bangkok ndipo anakulira pakati pa ana a mfumu, akulankhula chilankhulo chawo ngati mbadwa. Lero masukulu ambiri otere amalola ana a mphunzitsi kuphunzira pomwepo kwaulere kapena pa mtengo wotsika, koma kawirikawiri amaika malire a chiwerengero cha ana, ndipo tonse tikudziwa mabanja amene ana anatsala kwa agogo mayi ali kutsidya kwa nyanja. Masamu a malipiro amene sawerengera zimenezi ndi masamu operewera.

Atafika ku Bangkok mkangano unabuka pa za nyumba. Malinga ndi buku lake, mfumu inkafuna kuti azikhala m'kati mwa mpanda wa nyumba yachifumu, m'dera la amayi okhaokha, lomwe linali ngati tauni payokha, yokhala ndi alonda aakazi ndipo mwamuna wamkulu wina aliyense kupatula mfumu sankaloledwa kukhalamo. Anna anakana, n'kumaumirira kuti analonjezedwa nyumba yakeyake kunja kwa mpanda. Nkhaniyi inatenga miyezi, koma pomaliza anapatsidwa nyumbayo. Chimene anali nacho m'manja pa mkanganowu chinali kalata ya mfumu yomwe. Pakanakhala kuti lonjezo linali la pakamwa chabe, sitikuona mmene mayi wamasiye akanapambanira mfumu m'dziko lake.

Ophunzira ake anali ana a mfumu, omwe pa moyo wake wonse anakwana 82, pamodzi ndi ena mwa akazi ake amene ankafuna kuphunzira. Pakati pawo panali Chulalongkorn, mnyamata wobadwa mu 1853, amene anadzalowa ufumu. Posakhalitsa ntchito inakula kupitirira kalasi. Mfumu inkalemberana makalata ndi maboma akunja, ndipo Anna anakhala ngati mlembi wake pa makalata a Chingerezi. Iye anadandaula m'buku lake kuti ankaitanidwa nthawi iliyonse ndiponso kuti malipiro sanakwere molingana ndi ntchito. Dandaulo limeneli silachilendo kwa aphunzitsi. Amene analembedwa kuti aziphunzitsa sayansi amapezeka akuyendetsanso kwaya, magazini ya sukulu ndi timu ya mpira, pa malipiro omwewo.

Mu 1867, thanzi lake litafooka, anachoka ku Siam atagwirako zaka zoposa zisanu. Sanatsanzike ngati wopita osabwerera. Anali kukambirana zobwereranso pa malipiro abwinoko. Koma mu Ogasiti 1868 mfumu inapita ku Wa Ko, kum'mwera kwa dzikolo, kukaonerera kadamsana amene inawerengera yokha tsiku ndi malo ake, ndipo kumeneko inatenga malungo. Inamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Chulalongkorn, ali ndi zaka 15, analowa ufumu ndipo analembera mphunzitsi wake wakale kalata yaulemu, koma sanamuitane kuti abwerere. Ntchito ya Anna inali itatsamira pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo atapita inapita naye. Panalibe penshoni, panalibenso kwawo kobwerera, poti kwawo kwenikweni anali atakukana.

Anapita ku America ndi Avis, natsegulanso sukulu ya atsikana ku Staten Island, ku New York. Ndalama zinali zosowa, ndipo chuma chokha chimene anali nacho chinali nkhani za ku Siam. Anayamba kulemba m'magazini ya Atlantic Monthly, ndipo mu 1870 anatulutsa buku la The English Governess at the Siamese Court, kenako mu 1873 lina la The Romance of the Harem. Mabukuwa anamutchukitsa, ndipo anayenda m'mizinda akukamba nkhani pamaso pa anthu olipira pakhomo.

Apa ndi pamene mbiri yake imatiwawa kwambiri. Munthu amene anazolowera kukonza mbiri ya moyo wake sanavutike kuthira nsinjiro mbiri ya anthu ena. Analemba mfumu Mongkut ngati wankhanza wosachedwa kupsa mtima, ndipo anasimba za mtsikana wotchedwa Tuptim amene akuti anazunzidwa n'kuwotchedwa pa lamulo la mfumu. Akatswiri a mbiri sanapeze umboni wa nkhani imeneyi m'zolemba za anthu ena amene anali mu Bangkok nthawi yomweyo, kuphatikizapo amishonale ndi akazembe amene sakanaibisa. Sitikunena kuti zonse zimene analemba zinali zabodza. Ukapolo unalipodi, ndipo moyo wa amayi a m'kati mwa mpanda uja unali ndi zowawa zake zimene mlendo wochepa chabe anaziona ndi maso. Koma posakaniza zoona ndi zopeka anawononga umboni wake womwe, ndipo anadetsa dzina la munthu wakufa amene sakanathanso kudziyankhira. Ife Aafrika tikudziwa mmene zimamvekera mlendo akadya nsima yathu zaka zingapo, n'kubwerera kwawo kukalemba za ife zimene owerenga ake akufuna kumva. Tikadzakhala alendo ifeyo, foni ili m'manja ndi Facebook ili yotsegula, mayesero adzakhala omwewo.

Nkhaniyi inakula iye atamwalira kale. Mu 1944 Margaret Landon, amene anakhalako ku Siam ngati mkazi wa mmishonale, analemba buku la Anna and the King of Siam kuchokera pa mabuku a Anna. Mu 1951 Rodgers ndi Hammerstein anapanga sewero la nyimbo la The King and I, ndipo mu 1956 linakhala filimu, Yul Brynner akusewera ngati mfumu. Dziko lonse linadziwa Mongkut ngati mfumu yoseketsa yophunzitsidwa khalidwe ndi mayi wachizungu. Boma la Thailand linaletsa filimuyo, ndipo linaletsanso ina ya mu 1999, Anna and the King, imene anakaijambulira ku Malaysia. Mafilimuwa amachititsa munthu kuganiza kuti Anna ndiye anathetsa ukapolo ku Siam. Zoona zake n'zakuti Chulalongkorn anauthetsa pang'onopang'ono kudzera m'malamulo a zaka zambiri, omaliza ake mu 1905, ndipo anali ndi aphunzitsi ndi alangizi ena ambiri, kuyambira ndi bambo ake.

Zaka zotsala za moyo wa Anna sizidziwika kwambiri, koma mwina ndi zimene anachita bwino koposa. Avis atakwatiwa mu 1878 ndi Thomas Fyshe, mkulu wa banki ku Halifax m'dziko la Canada, Anna anakakhala nawo. Mu 1881 anayenda m'dziko la Russia akulembera magazini ya achinyamata ya The Youth's Companion. Ku Halifax anathandiza kukhazikitsa sukulu ya zojambula, Victoria School of Art and Design, mu 1887, yomwe ilipo mpaka lero ndi dzina loti NSCAD University, ndipo anamenyera nawo ufulu wa amayi wovota. Anakhalanso ku Germany ndi zidzukulu zake, akuphunzira Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, ndipo atakalamba ankachiphunzitsako ku Montreal. Dziko limene analikana pakamwa anali kulifunafunabe m'mabuku. Louis yekha ndiye anabwerera ku Siam. Anakhala mkulu wa asilikali okwera pa akavalo a mfumu Chulalongkorn, mnzake wa paubwana, kenako analowa malonda a matabwa, ndipo kampani yotchedwa dzina lake inakhalapo zaka zambiri iye atapita.

Mu 1897 Chulalongkorn anayendera mayiko a ku Ulaya, ndipo ku London anakumana ndi mphunzitsi wake patatha zaka 30. Anamuthokoza pamaso. Mdzukulu wa Anna amene analipo tsikulo anadzasimba kuti mfumuyo inamufunsanso chifukwa chimene analembera zinthu zoipa zotero za bambo ake, ndipo Anna anaumirira kuti analemba zoona.

Anamwalira ku Montreal pa 19 Januwale 1915 ali ndi zaka 83, ngakhale a m'banja lake ankawerengera zocheperapo ndi zitatu. Zidzukulu zake zinakula zikudziwa kuti agogo awo anali a ku Wales. Chinsinsi chinaululika patatha zaka pafupifupi 60, ndipo amene anachiulula sanali kumufufuza iyeyo n'komwe. W. S. Bristowe, Mngerezi wodziwika ndi kafukufuku wa akangaude, ankafuna kulemba mbiri ya Louis, ndipo atafufuza zolemba za kubadwa kwa mayi ake ku Wales sanapeze kanthu. Anazipeza m'mabuku a boma la atsamunda a ku India, ndipo anazifalitsa m'buku lake la mu 1976. Ofufuza ena, Susan Morgan mu 2008 ndi Alfred Habegger mu 2014, anawonjezera zambiri za ubwana wake ndi za mayi ake. Manda ake ali ku Mount Royal Cemetery, ndipo mwala wa pamandapo umatchulabe mwamuna wake, kalaliki uja amene anamwalira ku Penang, kuti anali meja.